Wailesi Ikasiya Kulankhula, Adzaitsegule Ndani?



Nyumba zambiri kuno ku Mtengowanthenga zili ndi wailesi ziwiri. Ina ndi imene ikulankhula, ina inasiya kalekale ndipo ili pansi pa bedi kapena pamwamba pa kabati, yangoti mbuu ndi fumbi. Mukafunsa mwini wake kuti chinavuta n'chiyani, yankho limakhala limodzi: inapsa. M'mawu amenewa timakwiriramo zambiri. Nthawi zina wailesi yoti inapsayo imakhala kuti waya umodzi wathothoka, kapena kachipangizo kamodzi kotsika mtengo kuposa mandasi angapo katopa. Zina zonse m'katimo zili bwinobwino, koma palibe woti atsegule n'kuzindikira.

Ena adabwa kuti mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu akulowereranji nkhani ya mawaya. Tiyambe ndi kufotokoza zimenezo.

Taganizani m'mene timadalira zipangizo zimenezi. Madzulo a tsiku la 29 la mwezi wa Shaaban, komanso la 29 la Ramadhan, maso amakhala kumwamba koma makutu amakhala pa wailesi, kudikira kuti atsogoleri athu alengeze ngati mwezi waoneka. Mlimi wa soya ku Ntchisi amamvera pa wailesi za mitengo ndi za mvula. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu March 2023, misewu itaduka ndipo magetsi atazima, wailesi ya mabatire ndiyo inali khomo limene anthu ambiri ankamverapo zimene zikuchitika. Ndipo chimkuzamawu cha pa mzikiti, chimene chimanyamula adhana kukafika kutsidya kwa dambo, m'kati mwake muli tizipangizo tomwe tija ta mu wailesi. Chikawonongeka, adhana ya Fajr imathera pa nyumba zoyandikana ndi mzikiti. Timasonkherana ndalama, wina n'kukwera nacho galimoto kupita ku Mponela kapena ku Lilongwe, ndipo pamatha masabata chisanabwere.

Ku madrasa tinaphunzira kuti udindo ulipo wa mitundu iwiri. Pali faradhi ayni, umene uli pa munthu aliyense payekha, monga Swala zisanu. Pali faradhi kifaya, umene uli pa mudzi wonse: ena akauchita, onse apepukidwa, koma akapanda kupezeka ndi mmodzi yemwe wouchita, mlandu uli pa onse. Chitsanzo chimene tonse timachidziwa ndi kusambitsa maliro ndi Swala ya Janaza. Koma Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anaika m'gulu lomweli maphunziro a zachipatala ndi masamu, ngakhalenso ntchito zamanja monga ulimi ndi kuomba nsalu, chifukwa popanda zimenezi moyo wa anthu sungayende. Iye anadandaula kuti m'masiku ake munali mizinda yodzaza ndi odziwa malamulo a chipembedzo koma yopanda dokotala wachisilamu. Ife tikuona kuti masiku ano luso la zamagetsi lalowa m'gulu limeneli. Sikuti aliyense akhale mmisiri ayi. Koma m'dera lonse mukasowa mwana mmodzi wodziwa kusiyanitsa resistor ndi diode, kusowako n'kwa tonse.

Agogo athu ambiri, m'nthawi ya atsamunda, sanatumize ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akasiya chipembedzo. Chikhulupiriro anachisunga, koma m'maphunziro ena tinatsalira. Lero tili ndi sukulu yathuyathu, ndipo chifukwa chakale chija chinatha. Tiyeni tsono titsegule wailesi ija tione zimene zilimo. Mitundu yake ikuluikulu ilipo isanu yokha.

Tisanaitchule, timvetse kaye magetsi. Njira yosavuta ndi kuganiza za madzi a mu thanki imene yaikidwa pamwamba kuti tithirire dimba. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, madzi amakankha mwamphamvu. Kukankha kumeneku, m'magetsi timakuyeza m'ma volt. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa mu paipi ndiko timakuyeza m'ma amp. Ndipo kuthina kwa paipi, kumene kumaletsa madzi kudutsa ambiri, timakuyeza m'ma ohm. Georg Ohm wa ku Germany anasonyeza mu 1827 kuti zitatuzi zimayenderana: mukagawa ma volt ndi ma ohm, mupeza ma amp. Masamu oyambira zamagetsi ndi omwewa, ndipo wa Fomu 1 angawakwanitse.

Chipangizo choyamba ndi resistor. Ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga, ka miyendo iwiri, kokhala ndi mizere yamitundumitundu. Ntchito yake ndi ya paipi yothina: kuchepetsa magetsi kuti chipangizo chinzake chisalandire opyola muyeso. Mizere ija si yokongoletsa, ndi manambala. Wakuda ndi 0, wabulawuni 1, wofiira 2, wa olenji 3, wachikasu 4, wobiriwira 5, wabuluu 6, wapepo 7, wotuwa 8, woyera 9. Mizere iwiri yoyamba ndi manambala, wachitatu ukutiuza kuti tiwonjezere maziro angati. Choncho wachikasu, wapepo ndi wabulawuni ndiye kuti 4, 7 ndi ziro mmodzi: ma ohm 470. Tiyese ndi kababu kofiira ka LED, kamene kamayaka kutsogolo kwa wailesi. Kababuka kamadya pafupifupi ma volt 2. Mukakalumikiza mwachindunji ku batire la ma volt 9, kangothwanima kamodzi n'kupsa. Koma mukaika resistor ya ma ohm 470 pakati, ma volt 7 otsalawo akathera pa resistor, ndipo 7 kugawa ndi 470 itipatsa pafupifupi ma milliamp 15, amene kababuko kangawapirire zaka zambiri. Resistor yopsa imaoneka yakuda kapena yosweka, ndipo mita yoyezera magetsi, imene amisiri amaitcha multimeter, imatsimikiza msanga.

Chachiwiri ndi capacitor. M'kati mwake muli tizitsulo tiwiri topyapyala toyang'anizana koma tosakhudzana, pakati pake pali chotchinga. Imasunga magetsi pang'ono kwa kanthawi n'kuwatulutsa akafunika, ngati ndowa imene mwaika pansi pa mpopi wotulutsa madzi modukizaduka kuti inu muzitunga mosadukiza. Ena ndi aphwatalala ngati mbewu ya nyemba, ena ndi ooneka ngati timigolo ndipo pambali pake alembapo manambala awiri: kukula kwake m'ma microfarad ndi ma volt amene angapirire. A timigolowa ndiwo amakonda kuvuta. M'kati mwake muli timadzi tamankhwala timene timauma ndi kutentha komanso kukalamba. Chimkuzamawu chikayamba kung'ung'udza pansipansi, mawu a muadhini n'kumamveka ngati muli njuchi, kawirikawiri ndiye kuti capacitor yaikulu ya mbali yolandirira magetsi yatopa. Ukaiyang'ana umapeza pamutu pake patupa kapena patuluka zoyera. Posintha, timasankha ya ma microfarad ofanana, ndipo ma volt ake akhale ofanana kapena oposerapo, osati ochepera. Mzere umene uli pambali pake ukusonyeza mwendo wa negative. Ukaitembenuza imaphulika.

Chachitatu ndi koyilo, imene m'mabuku a Physics imatchedwa inductor. Imeneyi mungathe kupanga nokha, chifukwa ndi waya wa mkuwa wokutidwa ndi vanishi, wokulungidwa mozungulira kambirimbiri. Magetsi akamadutsa m'waya wokulungidwa amapanga mphamvu ya maginito, ndipo mphamvuyo imakana kusintha mwadzidzidzi. Ili ngati ngolo yodzaza ndi matumba a chimanga: kuti iyambe kuyenda imavuta, ikayamba kuyenda kuti iime imavutanso. Mu wailesi yakale mupeza kandodo kakuda kokulungidwa waya wopyapyala. Imeneyo ndi koyilo, ndipo ndi yomwenso imagwira ntchito ya eriyo pa AM.

Koyilo ndi capacitor zikalumikizidwa pamodzi ndi pamene pamachitika chinthu chimene chimapangitsa wailesi kukhala wailesi. Mumlengalenga muno mukudutsa mafunde a nyumba zoulutsira mawu zambirimbiri nthawi imodzi, MBC, Zodiak, Radio Islam ndi zina, ndipo onsewo akugunda eriyo yanu. Nanga wailesi imasankha bwanji imodzi? Kumbukirani katungwe. Katungwe aliyense ali ndi liwiro lake malinga ndi kutalika kwa chingwe. Mukamakankha mwana pa nthawi yoyenera, ngakhale ndi chala chimodzi, amapita m'mwamba. Mukamakankha pa nthawi yolakwika, katungwe sayenda. Koyilo ndi capacitor zimaponyerana magetsi uku ndi uku pa liwiro lawolawo, ndipo mafunde okhawo amene akubwera pa liwiro lomwelo ndiwo amakula, ena onse amazimirira. Mukamapotokola kachitsulo kosakira siteshoni pa wailesi zakale, mumakhala mukusintha kukula kwa capacitor, monga kufupikitsa kapena kutalikitsa chingwe cha katungwe.

Chachinayi ndi diode. Aliyense amene anapopapo njinga akuidziwa kale, chifukwa imagwira ntchito ngati valavu ya chubu: mpweya umalowa koma sutuluka. Diode imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo mzere umene uli kumapeto kwake ukusonyeza kumene akutulukira. Magetsi a ESCOM amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, pamene wailesi imafuna oyenda mbali imodzi ngati a batire. Ma diode anayi olumikizidwa bwino ndiwo amawongola magetsiwo, capacitor n'kuwasalaza. Pa AM, diode ndiyonso imalekanitsa mawu a munthu ndi funde limene lawanyamula. Kuyeza diode n'kosavuta: mita isonyeze nambala mbali imodzi, mukatembenuza isasonyeze kanthu. Ikamalola mbali zonse ziwiri, yafa. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito batire la galimoto kapena la sola la ma volt 12, ndipo zipangizo zambiri zimapsa chifukwa wina walumikiza mawaya motembenuza mumdima. Diode imodzi yoyenera ndi fyuzi zingateteze chimkuzamawu chonse ku ngozi imeneyi.

Chachisanu ndi transistor, ya miyendo itatu: base, collector ndi emitter. Ili ngati mpopi: zala ziwiri zikapotokola pang'ono, madzi ambiri amatuluka kapena kusiya. Magetsi ochepa kwambiri olowa pa base amalamulira magetsi ambiri odutsa pa miyendo iwiri inayo. Mafunde amene eriyo imagwira ndi ofooka zedi, osakwanira kugwedeza sipika. Transistor imatenga mphamvu ya batire n'kuiumba kuti ifanane ndi kafunde kofookako, ndipo mawu amakula. Inapangidwa mu 1947 ku Bell Labs, ku America, ndi John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1956. Isanabwere, mawailesi anali aakulu, okhala ndi mababu agalasi otentha komanso odya magetsi ambiri. Transistor ndiyo inachititsa kuti wailesi iyendere mabatire a tochi n'kufika kumudzi ngati kwathu kuno. Mu foni imene ili m'thumba mwanu muli ma transistor mabiliyoni, ochepetsetsa moti maso sangawaone, koma ntchito yake ndi yomweyi.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Palibe chimodzi mwa zisanuzi chimene chingalankhule pachokha, ndipo zonse pamodzi sizingamve kanthu popanda eriyo. Kutalika kwa eriyo sikongoganizira. Mafunde a wailesi amathamanga pa liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Mukagawa 300 ndi nambala ya siteshoni m'ma megahertz, mupeza kutalika kwa funde m'mamita. Siteshoni ya pa 100 FM ili ndi funde la mamita 3, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a funde limeneli ndi masentimita 75. N'chifukwa chake kandodo kokoka ka pa wailesi yanu kamatalika chapamenepo. Mafunde a FM amayenda mowongoka ndipo phiri limawatchinga. Amene mumachokera m'zigwa za ku Dowa ndi kuseri kwa phiri la Ntchisi mukudziwa kuti siteshoni imene imamveka bwino pamtunda imalowa mphepo mukatsikira kudambo. Wailesiyo sinawonongeke, ikungofuna eriyo yokwezedwa pa nsungwi. Mafunde a shortwave ndi osiyana: amakwera m'mwamba makilomita mazana angapo, n'kukagunda mpweya wokhala ndi magetsi umene umatchedwa ionosphere, n'kubwerera pansi kutali kwambiri, kuseri kwa mapiri ndi nyanja.

Apa ndi pamene pali anthu otchedwa ma radio amateur. Awa ndi anthu wamba, aphunzitsi, alimi, madokotala, ophunzira, amene amaphunzira luso la wailesi chifukwa cholikonda, n'kupatsidwa chilolezo cholankhulana ndi anzawo pa mafunde amene anawapatulira. Sachita malonda pamenepo ndipo saulutsa nyimbo. Aliyense ali ndi dzina la pa wailesi loyamba ndi zilembo za dziko lake: a ku Malawi amayamba ndi 7Q, a ku Zambia 9J, a ku Mozambique C9, a ku Tanzania 5H. Pa ma megahertz 7, waya wa mamita pafupifupi 20 womangidwa pakati pa mitengo iwiri, wolumikizidwa pakatikati pake, ndi batire la ma volt 12, zimakwanira kulankhula ndi munthu wa dziko lina popanda mayunitsi, popanda nsanja ya foni. N'chifukwa chake m'maiko ambiri, chivomezi kapena namondwe zikagwetsa nsanja za mafoni, anthu amenewa ndiwo amayamba kutumiza mauthenga opempha thandizo. Dziko lathu, limene laona Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023, likufunika anthu otere ambiri kuposa amene alipo.

Koma timvetsetsane. Kumvera wailesi, kuitsegula ndi kuikonza, zonsezi n'zololedwa kwa aliyense. Kuulutsa mawu kumafuna chilolezo cha MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira mafunde m'dziko muno. Lamuloli lili ndi chifukwa chake, ndipo ife a kuno tiyenera kulimvetsa kuposa ena. Mafunde a FM amathera pa ma megahertz 108, ndipo pomwepo ndi pamene pamayambira mafunde amene ndege zimagwiritsa ntchito. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi silili kutali ndi ife. Kachipangizo koulutsira mawu kopangidwa mosasamala kamatha kutayikira pa mafunde a eni ake, mwini wake osadziwa. Mlengalenga ndi amana, chinthu chimene tasungitsidwa tonse. Ndipo tsiku limene mmodzi wa inu adzapatsidwe chilolezo, adzakumbukire zimene timaphunzira mu Sura ya Al-Hujurat za kufufuza nkhani tisanaifalitse, pakuti bodza lonenedwa pa chitsime limathera m'mudzi, koma la pa wailesi limawoloka malire.

Palinso malamulo oteteza moyo, ndipo pa amenewa sitinyengerera. Wophunzira aziyamba ndi zinthu za mabatire zokha. Magetsi a ESCOM ndi ma volt 230 ndipo amapha. Musatsegule TV yakale kapena chilichonse cholumikiza kukhoma popanda mmisiri pambali panu, chifukwa ma capacitor aakulu amasunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Waya wowotcherera nthawi zambiri umakhala ndi mtovu, choncho gwirani ntchito pamalo popita mphepo, musauike pakamwa, ndipo sambani m'manja musanadye. Eriyo isayandikire mawaya a magetsi, ndipo nyengo ya mvula, mabingu akangoyamba, muichotse ku wailesi.

Wina anena kuti zonsezi zimafuna ndalama ndi zipangizo zimene tilibe. Tikumbutsane za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, boma loyandikana nalo lathu. Asanatchuke, iye ndi mbale wake ankatsegula mawailesi akale, n'kumachotsa kachipangizo kamodzikamodzi kuti aone chimene chisinthe, mpaka anthu a m'mudzi anayamba kuwabweretsera mawailesi kuti awakonzere. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pa sukulu chifukwa chosowa fizi, anapitiriza kuwerenga m'kalaibulale kakang'ono, ndipo ali ndi zaka 14 anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu. Mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake ku Dartmouth College ku America. Sukulu yake yoyamba ya zamagetsi inali wailesi yowonongeka. Nafenso luso lotere si lachilendo m'mbiri yathu. Abale atatu otchedwa Banu Musa, ku Baghdad cha m'ma 850, analemba za makina pafupifupi 100, ndipo al-Jazari mu 1206 anafotokoza mawotchi a madzi ndi makina otungira madzi mwatsatanetsatane kuti wina athe kuwapanganso. Anthu amenewa ankaswali ngati ife, ndipo sanaone kuti kugwira chitsulo kukuwachotsera chipembedzo.

Pempho lathu ndi ili. Makolo, wailesi, tochi ya sola kapena tchaja imene munaitaya mtima, tipatseni kusukulu kuno. Imene ingakonzeke ibwerera kwanu, imene singakonzeke tichotsamo tizipangizo tophunzirira. Amene Allah wakudalitsani, multimeter imodzi ndi chowotcherera chimodzi ndi sadaka imene idzagwire ntchito zaka zambiri. A makomiti a mizikiti, chimkuzamawu chikapita kwa mmisiri, mutumize mwana mmodzi apite nacho akaonerere, ndipo akafunse chimene chinavuta, pajatu safunsa anadya phula. Ophunzira, tidzikumana kamodzi pa sabata ikatha Swala ya Asr, mogwirizana ndi aphunzitsi a Physics. A Fomu 4 mupezapo phindu lachangu, chifukwa diode ndi transistor zili m'silabasi ya MSCE, ndipo chinthu chimene wachigwira ndi manja sichivuta kuchilemba pa mayeso. Amene mudzalikonde lusoli, njira ilipo yopitira ku Lilongwe Technical College, ku MUBAS kapena ku MUST.

Atsikana, kuitanaku n'kwanunso mofanana ndi anyamata. Ntchito imeneyi siifuna mphamvu za m'mapewa. Imafuna maso, kuwerenga manambala molondola ndi kudekha, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yoyamba tidzangophunzira kuwerenga mizere ya resistor ndi kuyatsa kababu kamodzi osakapsereza.

Allah atiwonjezere maphunziro opindulitsa, adalitse manja a ana athu, ndipo atipatse pakati pathu anthu osenza udindo umenewu m'malo mwa tonse. Ameen.

Wassalaam alaikum warahmatullah.